Akufa akadzuka m'buku, funsani amene walipira

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa ndi kukonza nthano zazitali. Mwa mabuku onse amene amadutsa patebulo langa, amene anthu amawayang'ana ndi diso lokayika kwambiri ndi aja kunja amawatcha epic fantasy. Ndi mabuku onenepa aja okhala ndi mapu a dziko lopeka kutsamba loyamba, mmene mumapezeka mafumu olandidwa mipando, milungu yolowerera nkhani za anthu, ngwazi zolimbirana chinthu chimodzi paulendo wautali, ndi munthu wina woopsa wodziwa kudzutsa akufa. Kholo likaona chigaza pachikuto cha buku limene mwana wake akuwerenga, limafunsa ngati mwanayo sakuphunzira ufiti. Funsolo n'lomveka ndipo ndimalilemekeza. Yankho lake lili m'kamangidwe ka nkhaniyo, ndipo kamangidweko kali ndi malamulo amene ife a ntchitoyi timawalondola tsamba ndi tsamba.

Lamulo limene ndimayambira ndi la mtengo. Mlembi ali ndi ufulu wopeka chilichonse, kaya chinjoka cholankhula kaya mzinda woyandama m'mitambo, koma chodabwitsa chilichonse chimene wapeka chiyenera kukhala ndi wochilipira, ndipo wowerenga amuone wolipirayo ndi maso ake. Matsenga akakhala aulere nkhani imazilala, chifukwa vuto lililonse lingathe pongotambasula dzanja. Pa kudzutsa akufa lamuloli limalimba kuposa paliponse. Imfa ndiyo imapatsa nkhondo, lumbiro ndi ulendo kulemera kwake. Mlembi akailola kubwezedwa mwachisawawa, wowerenga sadzagwetsanso msozi pa mpangankhani aliyense m'bukumo.

M'zolemba zakale kwambiri, woitana akufa ankafuna uphungu. Asilikali odzutsidwa kwa akufa anabwera m'zolemba za pambuyo pake. M'zigawo za 10 ndi 11 za Odyssey, ndakatulo yaitali ya Agiriki, Odysseus wasokera panyanja ndipo akufuna njira yobwerera kwawo ku Ithaca. Circe akumuuza kuti wodziwa njirayo ndi mlosi Tiresias, amene anamwalira kale. Odysseus akukumba dzenje, akuthiramo nsembe, akupha nkhosa kuti magazi adzaze m'dzenjemo, kenaka akuima ndi lupanga kuletsa mizimu ina kumwa mpaka mlosiyo atafika. Pakati pa oletsedwawo pali mayi ake omubala, Anticleia, amene iye sankadziwa n'komwe kuti anatsikira kuli chete. Uphungu akuupeza, koma mtengo wake ndi umenewo: kumva za maliro a mayi ake kuchokera pakamwa pa mayiwo, n'kuyesa katatu kuwakumbatira, katatu konse manja n'kubwerako opanda kanthu.

Owerenga Baibulo amaidziwa nkhani ya mtundu womwewu pa 1 Samueli 28. Sauli anali atathamangitsa obwebweta m'dziko lake, koma Afilisti atamuzinga ndipo Mulungu atakhala chete, anadzisintha zovala n'kupita usiku kwa mayi wa ku Endori kuti amuitanire Samueli. Zimene anamva ndi zakuti mawa lake iye ndi ana ake afa. Ndimakonda kuwakumbutsa ophunzira anga mmene chaputalacho chimathera. Mfumu yagwa pansi, mphamvu zaithera chifukwa sinadye tsiku lonse, ndipo mayi uja, amene moyo wake unali pachiswe chifukwa cha lamulo la mfumu yomweyo, akupha mwanawang'ombe wonenepa n'kuiphikira chakudya. Wolemba nkhaniyo sanatiphunzitse kuitana mizimu. Anationetsa munthu wothedwa nzeru akugogoda pakhomo limene anatseka yekha.

Mtembo weniweni ukudzutsidwa mwankhanza m'ndakatulo ya Lucan, mlakatuli wa ku Rome amene anakakamizidwa kudzipha m'chaka cha 65 pa ulamuliro wa Nero. M'chigawo cha 6 cha ndakatulo yake ya nkhondo yapachiweniweni ya Caesar ndi Pompey, mwana wa Pompey akupita kwa mfiti ya ku Thessaly yotchedwa Erictho kukafunsa amene apambane. Erictho akuyenda pakati pa mitembo ya asilikali kusankha wongofa kumene, wa mapapo osawonongeka, kuti athe kulankhula. Mzimu wa msilikaliyo ukukana kubwerera m'thupi, iye akuukakamiza. Apa wolipira wasintha. Kwa Odysseus ndi Sauli, wofunsayo ndiye ankabwerako atavulala mtima. Kwa Lucan, wozunzika ndi wakufayo, msilikali wopanda dzina amene wafera kale nkhondo ya akuluakulu, ndipo ngakhale mpumulo wa imfa akumulanda. Mabuku ambiri a masiku ano amayenda m'mapazi a Erictho, ngakhale alembi ake ena sanamuwerengepo.

Koma gwero limene ndimalikonda kuposa onse lili ku Wales. Mu nthano zakale zimene zinasungidwa m'mabuku olembedwa pamanja a m'zaka za m'ma 1300, zimene lero timazitcha Mabinogion, muli nkhani ya Branwen. Mchimwene wake, mfumu Bendigeidfran, akupereka kwa Matholwch, mfumu ya ku Ireland, nkhali yaikulu ngati chipepeso, Efnysien, m'bale wawo wina wa mtima wa chiwembu, atavulaza akavalo a alendowo. Nkhaliyo ili ndi mphamvu yakuti munthu wophedwa akaponyedwamo, mawa lake amatuluka wamoyo ndi wokhoza kumenya nkhondo, koma wosalankhula. Nkhondo itabuka pakati pa maiko awiriwo, a ku Ireland akusonkha moto pansi pa nkhaliyo n'kumadzutsa akufa awo usiku uliwonse. Efnysien, yemwe anayambitsa mavuto onsewo, akudzigoneka pakati pa mitembo ya adani, akuponyedwa m'nkhalimo, akudzitambasula mpaka nkhali kusweka zidutswa zinayi, mtima wake n'kuphulikira pomwepo.

Taonani chimene odzutsidwawo amataya: liwu. Ife tikamva zimenezi sitidabwa kwenikweni. M'midzi mwathu mumakambidwa za ndondocha, munthu amene amati wachita kuphedwa m'matsenga, n'kudulidwa lilime, n'kumagwirira ntchito amene anamupha kuti alemere. Anthu a ku Wales a zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo sanamvepo za ndondocha, nafe sitinatengere kwa iwo, koma mantha ake ndi amodzi. Choopsa ndi munthu wolandidwa mawu ndi kukana kwake, wotsala ndi manja ogwira ntchito basi. Ndipo onse awiri amaloza chala kwa wamoyo amene akupindula. M'mabuku abwino a mtunduwu wodzutsa akufa amakhala chithunzi cha wolamulira amene amalakalaka anthu osadandaula, osafuna malipiro, osathawa kunkhondo. Mwana wowerenga buku lotere amaphunzira kumuzindikira munthu wa mtima umenewo, ndipo anthu oterowo alipo ambiri kunja kwa mabuku.

Mlembi wa ku America, Lloyd Alexander, anafika ku Wales ali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo patapita zaka anatenga nkhali ija n'kumangirapo buku lake la mu 1965, The Black Cauldron, lachiwiri mwa mabuku asanu a dziko lopeka la Prydain. Ndi buku la achinyamata, lopepuka m'manja, koma ndikafuna kuonetsa mmene ntchitoyi imagwiridwira ndimatsegula limeneli, chifukwa mizati yonse ya mtunduwu ili poonekera. Arawn, mbuye wa imfa, ali ndi nkhali yopangira asilikali osalankhula ndi osafa. Poyamba ankafukula manda. Tsopano wayamba kupha amoyo kuti nkhali isasowe chakudya. Mlembi waikanso malire: asilikaliwo amafooka akatalikira dziko la mbuye wawo, Annuvin. Malire oterewa ndi amene ndimawafufuza poyamba ndikalandira buku la mlembi watsopano. Gulu la nkhondo losafa ndi lopanda malire likanagonjetsa dziko lonse bukulo lisanayambe, ndipo wowerenga wa zaka khumi ndi ziwiri amaliona bowo limeneli msanga kuposa mlembi mwini.

Amene anafika patali kwambiri pa nkhani ya mtengo ndi Ursula K. Le Guin m'buku lake la mu 1972, The Farthest Shore. Mmenemo mulibe chigulu cha mafupa oyenda. Muli munthu mmodzi, Cob, amene chifukwa choopa kufa watsegula khomo la pakati pa amoyo ndi akufa n'kulisiya pululu, akulonjeza ena moyo wosatha. Wolipira ndi dziko lonse. M'zilumba za Earthsea oimba akuiwala nyimbo, amisiri akuiwala luso la manja awo, odziwa matsenga akuiwala mawu, ngakhale zinjoka zikutaya chilankhulo. Palibe mliri wooneka. Anthu angosiya kusamala za chilichonse. Ged, mkulu wa anzeru onse a m'dzikomo, akuwoloka mpanda wa miyala kulowa kudziko louma la akufa pamodzi ndi mnyamata Arren, ndipo kuti atseke khomolo akuthera mphamvu zake zonse. Akubwerako wamoyo koma wopanda matsenga mpaka kalekale, ndipo Le Guin sanamubwezere m'mabuku otsatira. Kulimba mtima kumeneko n'kosowa mwa alembi. Ambiri amakonda ngwazi yawo mopitirira, amailanda chinthu pa chaputala china n'kuibwezera mwakachetechete pa chotsatira.

Pali alembi ena amene anafunsa ngati munthu wabwino angagwire nawo akufa osadetsedwa. J. R. R. Tolkien, mu The Return of the King ya mu 1955, analola Aragorn kuitana gulu la akufa a m'mapiri, koma awa anali anthu amene anaswa lumbiro lawo kwa Isildur, kholo lake, ndipo ankasowa mtendere chifukwa cha ngongoleyo. Atamenya nkhondo imodzi ku Pelargir, Aragorn anawamasula. Garth Nix wa ku Australia, mu Sabriel ya mu 1995, anapeka mtsikana wolandira kwa bambo ake mabelu asanu ndi awiri, zida zomwezo zimene oipa amadzutsira akufa, koma ntchito yake ndi yowabweza kuti akagone. Mwa alembi awiriwa, chosiyanitsa wabwino ndi woipa ndi chakuti wina amamasula, wina amasunga.

Tikafika pa milungu, vuto limatembenuka. Wodzutsa akufa amaopseza kuchotsa imfa m'nkhani, pamene mulungu amaopseza kuchotsamo munthu. M'mabwalo a zisudzo a ku Athens munali chipangizo chonyamulira wosewera m'mwamba kuti aoneke ngati mulungu akutsika, ndipo alembi ena ankachigwiritsa ntchito pomasula nkhani yomwe yawakanika. Aristotle anadzudzula zimenezi, natchula sewero la Medea la Euripides, lomwe linaseweredwa koyamba m'chaka cha 431 Khristu asanabadwe, mmene mayi wopha ana ake amathawa pagaleta la dzuwa. Mfundo yake inali yakuti mathero atuluke m'nkhani momwemo. Mulungu wobwera kumapeto kudzakonza zonse ali ngati malume olemera ofika pabwalo la milandu dzuwa litapendeka n'kulipira chindapusa chonse: mlandu watha, koma wolakwa sanaphunzire kanthu ndipo omvera abwerera kwawo opanda chokamba.

Komatu milungu ya mu Iliad, ndakatulo ina yaitali ya Agiriki, imalowerera kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo ndakatuloyo siizilala. Aphrodite akumukwatula Paris pamene Menelaus watsala pang'ono kumupha. Athena akudzisandutsa m'bale wake wa Hector kuti amunyenge aime n'kumenyana ndi Achilles. Chimene chimapulumutsa nkhaniyo n'chakuti milunguyo ndi yogawikana, ina mbali iyi ina mbali iyo, ndipo nayonso ili ndi malire. Zeus, wamkulu wa yonse, akuona mwana wake Sarpedon akupita kukafa, akulakalaka kumupulumutsa, koma Hera akumukumbutsa kuti akatero milungu ina yonse idzapulumutsanso ana awo, ndipo iye akumusiya. Hector atazindikira kuti wanyengedwa ndipo ali yekha, akusolola lupanga n'kuthamangira mdani wake akudziwa kuti afa. Mphindi imeneyo ndi yake. Mulungu anatchera msampha, koma mmene munthuyo waimira mumsamphamo palibe mulungu anamusankhira.

Alembi a masiku ano apeza njira zawo zomangira milungu manja. Steven Erikson wa ku Canada, amene anaphunzira za kufukula zinthu zakale, analemba mabuku khumi a Malazan Book of the Fallen kuyambira 1999 mpaka 2011. M'dziko lake mulungu akalowerera amadziika yekha poyera ndipo akhoza kuvulazidwa kapena kuphedwa, ndipo ina mwa milunguyo inali anthu kale. M'buku loyamba, Gardens of the Moon, mulungu Cotillion akulowa mwa mtsikana, mwana wa msodzi, n'kumusandutsa chida chophera anthu. Erikson sakuiwala mtsikanayo mulunguyo atatulukamo. Akumutsatira m'mabuku ena ali ndi luso lakupha limene sanalipemphe ndi zikumbukiro zosakhala zake. N. K. Jemisin, mu The Hundred Thousand Kingdoms ya mu 2010, anachita kutembenuza zonse: milungu yogonja pankhondo ndi akapolo a banja limodzi lachifumu, limene likuigwiritsa ntchito ngati zida zolamulira dziko. Ndikamawerenga buku la mlembi wongoyamba kumene, pamene pali mulungu ndimalemba m'mphepete mafunso awiri okha: akufuna chiyani kwa munthuyu, ndipo n'chiyani chikumuletsa kudzitengera yekha? Mlembi akalephera kuyankha lachiwiri, ndimadziwa kuti mulunguyo ndi mlembi mwini amene wavala chigoba.

Tikabwerera ku The Black Cauldron ya Alexander, malo a milungu atengedwa ndi amayi atatu a m'madambo a Morva, Orddu, Orwen ndi Orgoch, amene sali kumbali ya aliyense. Nkhali ija ndi yawo. Anamubwereka Arawn pa mtengo wake, ndipo nthawi itakwana anakailanda. Taran, mnyamata wothandiza kuweta nkhumba yemwe ndiye mpangankhani wamkulu, akaipempha, akumuuza kuti nayenso alipire. Iye akupereka chokometsera cha pachifuwa chimene mnzake Adaon anamusiyira pomwalira, chimene chinkamupatsa maloto ndi nzeru zoona zimene ena saona, chinthu chokhacho chimene chikanamusandutsa ngwazi yotchuka. Atalipira ndi pamene akumuuza chinsinsi: nkhaliyo siisweka ndi nyundo, imasweka pokhapokha munthu wamoyo atalowamo mwa kufuna kwake, akudziwa kuti satulukamo.

Apa ndi pamene wopikisana ndi ngwazi amagwira ntchito yake. Olemba ongoyamba amaganiza kuti ngwazi yachiwiri paulendo ndi yongochedwetsa yoyamba, kuiba mapu kapena kuphwanya mlatho. Ntchito yake yeniyeni ndi kufunsa funso limene mdani wamkulu sangafunse: kodi iwe ukuchifuniranji chinthuchi? Arawn ndi woipa poyera, ndipo kudana naye sikuulula chilichonse cha Taran. Koma Ellidyr, kalonga wa ku Pen-Llarcau, ali mbali imodzi ndi Taran, akufuna nkhali yomweyo pa chifukwa chooneka chabwino chomwecho. Ndi mwana wotsiriza m'banja lachifumu losauka, wotsala ndi dzina, lupanga ndi kavalo wake Islimach. Amamunyoza Taran kuti ndi kamnyamata ka nkhumba, ndipo Taran amapsa mtima msanga chifukwa njala ya ulemu imene ikumudya Ellidyr ikumudyanso iye. Zoterezi n'zakale. Odysseus uja, ali pa dzenje la magazi, anakumana ndi mzimu wa Ajax, mnzake wa mbali imodzi pankhondo ya ku Troy, amene analimbirana naye zida za Achilles. Odysseus anayesa kumupepesa, Ajax anangotembenuka n'kuchoka osayankha. Mwa Tolkien, Boromir ndi munthu wolimba mtima wokonda mzinda wake, ndipo chikondi chomwecho ndicho chimamufikitsa poyesa kulanda mphete kwa Frodo.

Nkhali itatitimira mumtsinje, Taran ndi anzake akulephera kuitulutsa. Ellidyr, yemwe ali ndi mphamvu zoposa onse, akuvomera kuthandiza pokhapokha atalumbira kuti adzanena kuti iye yekha ndiye anaipeza. Taran akulumbira. Walipira kawiri tsopano, poyamba ndi mphatso ya mnzake, kenaka ndi mbiri yake, ndipo mlembi sanabise kuti kwachiwiriko kunamuwawa kuposa koyamba. Ellidyr akuitenga nkhaliyo yekha, koma akugwa m'manja mwa mfumu Morgant, mmodzi mwa atsogoleri a ulendowo, amene wasankha kuisunga kuti adzipangire asilikali akeake. Onse ali omangidwa mumsasa wa Morgant, Ellidyr, womenyedwa ndi wovulala, akuona kumene njala yake ya ulemu yafikitsa anzake. Atamasulidwa akuthamanga kupyola alonda n'kudziponya m'nkhalimo, ndipo nkhali ikusweka. Alexander anatenga imfa ya Efnysien ya m'nthano yakale ija n'kuipereka kwa wopikisana ndi ngwazi, kotero kuti ntchito yaikulu ya m'buku lonse ikugwiridwa ndi munthu amene wowerenga wakhala akumuda kuyambira chaputala choyamba. Taran akubwerera kwawo kukaweta nkhumba wopanda chokometsera chija, wopanda mbiri, ali ndi maliro awiri mumtima.

M'chaka cha 1985 kampani ya Disney inatulutsa filimu ya zojambula ya dzina lomweli. Ellidyr mulibemo. Wodziponya m'nkhali ndi Gurgi, kanyama kaubweya kokondedwa ndi ana, ndipo patangopita mphindi zochepa amayi atatu aja akumubwezera moyo posinthana ndi nkhaliyo. Ndimaonetsa ophunzira mathero awiriwa motsatizana, a m'buku ndi a m'filimu, chifukwa palibe njira ina yachidule yowaonetsera kusiyana kwake. Filimuyo ili ndi mafupa oyenda ndi utsi wobiriwira woopsa kuposa chilichonse cha m'buku, koma pomaliza ikuchita chimene nkhani yonse inkatsutsa: ikudzutsa wakufa chifukwa amoyo sakufuna kumutaya. Kholo lofuna kudziwa chimene mwana wake akudya m'nkhanizi ndingalilangize kuti limupatse bukulo, ndipo liwerenge naye machaputala atatu omaliza.